Mafunso a Owerenga: Kodi Woyenera Kusenza Mfuti Ndani?

Mwezi uno talandira makalata atatu okhudza nkhani imodzi, ngakhale kuti eni ake sadziwana ndipo aliyense ali ndi nkhawa yakeyake. Onse akufunsa za anthu amene magulu ankhondo a mayiko ambiri anawatsekera khomo kwa nthawi yaitali, omwe ndi akazi ofuna kumenya nawo nkhondo, komanso amuna okondana ndi amuna anzawo ndi akazi okondana ndi akazi anzawo. Makalatawa tawafupikitsa, ndipo mayina sitinawalembe.

FUNSO: Akonzi, ndine bambo wachikulire ndipo ndinagwira ntchito ya usilikali mpaka kupuma. Ndamva kuti ku America ndi ku Britain amuna ogonana ndi amuna anzawo amaloledwa kukhala asilikali popanda kudzibisa. Moyo wa kubalaki ndi wa kutchire ndimaudziwa bwino: mumagona tenti imodzi, mumasamba malo amodzi, ndipo tulo timabwera chifukwa ukudziwa kuti mnzako ali maso kukulondera. Kodi munthu wotere akalowa pakati pa anyamata, kukhulupirirana kumeneku sikungathe? Kodi mayiko amenewa sanadzifooketse okha?
Msilikali wopuma

YANKHO: Bambo, zikomo chifukwa cholemba mosapsatira mawu. Ndiyambe n'kuvomereza kuti kukhulupirirana kumene mwatchulako ndiko msana wa usilikali, ndipo inu mukukudziwa kuposa ine chifukwa munagonamo m'tentimo. Akuluakulu a asilikali a ku America, motsogozedwa ndi Jenerale Colin Powell, ananena zofanana ndi zanuzi mu 1993 pamene pulezidenti Bill Clinton ankafuna kuchotsa chiletso chimene chinkaletsa anthu otere kukhala asilikali, ndipo mawu awo analemera kwambiri moti panakhazikitsidwa lamulo longogwirizanitsa mbali ziwirizo lotchedwa Don't Ask, Don't Tell. Lamuloli linkati akuluakulu asamufunse msilikali za munthu amene amakondana naye, nayenso msilikaliyo asaulule, koma zikangodziwika, ntchito yathera pomwepo. Linayamba kugwira ntchito mu 1994, ndipo pofika mu September 2011, pamene linatha, asilikali oposa 13,000 anali atachotsedwa ntchito chifukwa cha ilo.

Ndikupemphani kuti mulione lamuloli ndi maso a msilikali amene ankalisenza. Ali ku Iraq, anzake apachika zithunzi za akazi awo pamutu pa bedi, koma iye chithunzi chake wachibisa pansi pa chikwama. Akamaimba foni kwawo amanong'ona, ndipo dzina la munthu amene wakhala naye zaka khumi amalisintha kuti limveke ngati la mkazi. Anzake akamufunsa kuti tchuthi anakachidyera kuti, amapeka nkhani, kenaka ayenera kukumbukira bodzalo kuti mawa asadzadzitsutse. Akadzafa kunkhondo, uthenga wa maliro sudzafika kwa wokondedwa wakeyo, chifukwa m'mabuku a boma munthu ameneyo kulibe. Tsono funso langa kwa inu, Bambo, ndi ili: kodi chimene chimawononga kukhulupirirana m'tenti ndi kudziwa zoona za mnzako, kapena ndi lamulo limene likumukakamiza kukunamizani tsiku ndi tsiku? Mu February 2010, Admiral Mike Mullen, amene panthawiyo anali mkulu wa asilikali onse a dzikolo, anauza aphungu kuti chimene chinkamusowetsa mtendere n'chakuti anyamata ndi atsikana ankakakamizidwa kunama kuti aloledwe kuteteza dziko lawo. Chaka chomwecho Colin Powell yemwe uja ananena poyera kuti wasintha maganizo.

Panalinso kutayika kwa luso. Pa nthawi imene dzikolo linkamenya nkhondo ku Iraq ndipo linkasowa anthu odziwa Chiarabu, linachotsa ntchito akatswiri ambiri a chinenerochi chifukwa cha lamulo limeneli. Mmodzi mwa odziwika ndi Dan Choi, amene anaphunzira pa sukulu ya usilikali ya West Point, anakamenya nkhondo ku Iraq, ndipo anachotsedwa mu 2010 atadziulula pa wailesi yakanema chaka cha 2009.

Boma lisanathetse lamuloli linafunsa asilikali eni ake. Pa kafukufuku wa mu 2010 anayankha asilikali oposa 115,000, ndipo pafupifupi 70 pa 100 alionse ananena kuti kusinthaku kudzabweretsa zabwino, kapena zosakanikirana, kapena sikudzasintha kanthu. Sindikubisirani kuti m'magulu omenya nkhondo pamtunda, makamaka a nthambi ya asilikali a dzikolo yotchedwa Marine Corps, okayika anali ambiri kuposa pamenepa, ndipo mkulu wawo, Jenerale James Amos, anatsutsa kusinthaku poyera. Koma mfundo imene imandigwira mtima pa kafukufukuyu ndi ina. Asilikali pafupifupi 69 pa 100 alionse ananena kuti anagwirapo kale ntchito ndi munthu amene ankamuganizira kuti ndi wotero, ndipo mwa amenewa, 92 pa 100 alionse ananena kuti kagwiridwe ka ntchito ka gulu lawo sikanali koipa. Kunena kwina, anthu ankaopa mlendo amene ankamuganizira m'mutu, pamene mnzawo weniweni amene ankadya naye mbale imodzi sankawavuta. Lamulo litatha, Jenerale Amos anavomereza kuti zinthu zinayenda bwino pakati pa asilikali ake.

Ku Britain nkhaniyi inadzera kubwalo lamilandu. Mu September 1999 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula kuti boma linalakwira asilikali anayi amene linawafufuza za moyo wawo wamseri n'kuwachotsa ntchito, ndipo mu January 2000 chiletsocho chinachotsedwa. Ambiri ankalosera kuti asilikali adzasiya ntchito mwaunyinji, koma zimenezo sizinachitike. Dziko la Netherlands linali litachotsa kale chiletso chotere mu 1974, Canada ndi Australia mu 1992, ndipo Israel, dziko limene palibe angalinene kuti limaseweretsa nkhani za chitetezo, linatero mu 1993. Chimene chinatsala ku Britain ndi manyazi a zimene zinachitika kale. Joe Ousalice anatumikira pa sitima zankhondo pafupifupi zaka 18, kuphatikizapo pa nkhondo ya ku Falklands, koma pomuchotsa ntchito mu 1993 anamudula mendulo pachifuwa ndi sizasi. Mendulo imeneyo anamubwezera mu 2020, ndipo mu July 2023 nduna yaikulu Rishi Sunak inapepesa m'nyumba ya malamulo kwa onse amene anachitiridwa zotere.

Pa za kusamba ndi kugona malo amodzi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma yankho lake lili m'malamulo a khalidwe amene usilikali uli nawo kale. Msilikali amene akugwira mnzake mosayenera, kumuvutitsa ndi mawu achipongwe kapena kugwiritsa ntchito udindo wake pofunsira wocheperapo, ayenera kulangidwa kaya akhale wotani. Kulanga munthu chifukwa cha chimene wachita n'chilungamo, koma kumuchotsa ntchito chifukwa cha chimene ena akuopa kuti mwina angadzachite ndi nkhani ina. Tikumbukirenso kuti mawu akuti gulu lidzagawikana ananenedwapo kale m'dziko lomwelo la America, pamene pulezidenti Harry Truman analamula mu 1948 kuti tsankho la khungu lithe m'magulu ankhondo. Panthawiyo ambiri ankanena kuti mzungu sangagone tenti imodzi ndi munthu wakuda, ndipo lero palibe angayerekeze kubwereza mawu amenewo pagulu. Choncho yankho langa ndi lakuti mayiko amene mwawatchulawo sanadzifooketse, ndipo umboni wa zaka zoposa makumi awiri ku Britain ukusonyeza zimenezo.

FUNSO: Akonzi, chipembedzo changa chimaphunzitsa kuti mchitidwe umenewu ndi tchimo, ndipo sindingasinthe chikhulupiriro changa chifukwa cha lamulo la boma. Kodi msilikali wopemphera ngati ine angatani m'dziko limene lalola zimenezi?
Wowerenga wokhulupirira

YANKHO: Achimwene, palibe boma limene lingalowe mumtima mwanu, ndipo amene anakonza zothetsa lamulo lija ku America ananena momveka bwino kuti msilikali sakukakamizidwa kusintha chikhulupiriro chake, koma akuyembekezeka kulemekeza mnzake ndi kugwira naye ntchito. Zimenezi si zachilendo mu usilikali. M'gulu limodzi mumakhala Mkhristu, Msilamu ndi wosapemphera, womwa mowa ndi wosamwa, wokhulupirika m'banja ndi wosakhulupirika, ndipo aliyense amaona zina mwa zochita za mnzake ngati zolakwika, komabe mnzakeyo akavulala amamunyamula pamsana. Chimene simungachite ndi kumunyoza, kumumenya, kumumana udindo umene akuyenera kapena kukana kumuteteza. Ndikukhulupirira kuti chiphunzitso chanu chomwecho sichikulolani kuchita zimenezi kwa munthu aliyense.

FUNSO: Akonzi, ndine mayi ndipo mwana wanga wamkazi watsiriza sukulu. Akuti akufuna usilikali, ndipo sakufuna za muofesi kapena za kuchipatala, koma kukamenya nkhondo yeniyeni. Bambo ake akuti nkhondo ndi ya amuna, thupi la mkazi silingapirire, ndipo akadzagwidwa ndi adani adzachitidwa zoopsa. Ine mtima wanga wagawikana. Kodi mkazi angathedi ntchito imeneyi, kapena mwana wangayu akungotengeka?
Mayi wankhawa

YANKHO: Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kangapo, chifukwa muli mantha a kholo amene sayenera kupeputsidwa. Nkhani ya akazi ndi yosiyana ndi imene tayankha pamwambapa, popeza pano pali funso lenileni lokhudza thupi, ndipo ndingakhale ndikukunamizani nditanena kuti funsolo kulibe. Koma tiyambe ndi mawu akuti nkhondo ndi ya amuna, chifukwa mbiri ikuwatsutsa. Mu ufumu wa Dahomey, kumene lero kuli dziko la Benin, munali gulu la asilikali aakazi lotchedwa Agojie limene linamenyana ndi asilikali a France mu 1890 ndi mu 1892, ndipo adani awo omwewo analemba za kulimba mtima kwawo. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, akazi pafupifupi 800,000 anatumikira m'gulu lankhondo la Soviet Union, ena akuulutsa ndege zoponya mabomba usiku, ena ali akatswiri owombera patali monga Lyudmila Pavlichenko, amene mabuku a dzikolo amati anapha adani 309. Pa nkhondo yomenyera ufulu wa Eritrea, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse omenya nkhondo anali mkazi, ndipo ku Mozambique chipani cha FRELIMO chinakhazikitsa gulu la asilikali aakazi mu 1967, m'mene munali Josina Machel. Chomvetsa chisoni n'chakuti kawirikawiri mayiko amakumbukira kuti akazi angathe pamene zinthu zathina, ndipo mtendere ukabwera amawauza kuti abwerere kunyumba.

M'magulu ankhondo amakono zitseko zatseguka pang'onopang'ono. Norway inalola akazi kugwira ntchito zonse za usilikali m'zaka za m'ma 1980, Canada inatsegula ntchito zomenya nkhondo mu 1989, ndipo Germany inatero mu 2001 pambuyo poti mtsikana wina, Tanja Kreil, wapambana mlandu kukhoti la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya. Britain inatsegula ntchito zonse mu 2018. Ku America lamulo la mu 1994 linkaletsa akazi kukhala m'magulu omenya nkhondo pamtunda, koma nkhondo za ku Iraq ndi ku Afghanistan zinaliphwanya lamuloli lisanachotsedwe, chifukwa kumeneko kunalibe mzere wosonyeza kuti kuno ndi kutsogolo, uko ndi kumbuyo. Bomba lokwiriridwa mumsewu silinkafunsa kuti woyendetsa galimoto ndi mwamuna kapena mkazi.

Mu March 2005, Sajeni Leigh Ann Hester ankaperekeza mdipiti wa magalimoto pafupi ndi Baghdad pamene adani anawatchingira, ndipo iye ndi mtsogoleri wa gulu lake analowa m'ngalande momwe adaniwo anabisala n'kuwagonjetsa. Anakhala mkazi woyamba kulandira mendulo ya Silver Star, imene imaperekedwa chifukwa cha kulimba mtima pankhondo, chithere nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Nkhani ya Monica Lin Brown ndiyo imaonetsa bwino kusokonekera kwa lamulo lija. Mu April 2007 ku Afghanistan, mtsikanayu, amene anali wothandiza ovulala ndipo anali asanakwanitse zaka 20, anathamanga pakati pa zipolopolo kupita ku galimoto imene inaphulitsidwa, n'kuphimba anzake ovulala ndi thupi lake pamene mabomba ankagwa pafupi. Nayenso analandira Silver Star, koma patangopita masiku ochepa chichitikireni zimenezi anachotsedwa m'gulu limenelo, chifukwa lamulo linkati mkazi sayenera kukhala kumeneko. Chiletsocho chinachotsedwa mu January 2013, ndipo mu December 2015 nduna ya zachitetezo Ash Carter inalengeza kuti ntchito zonse zatseguka.

Tsopano tibwere ku mfundo ya amuna anu yokhudza thupi, imene ili ndi choonadi chake. Msilikali woyenda pansi amasenza katundu amene nthawi zambiri amapitirira makilogalamu 40, kuphatikizapo mfuti, zipolopolo, madzi ndi chovala choteteza pachifuwa, ndipo amayenda naye maola ambiri m'mapiri kapena mumchenga. Mnzake akavulala ayenera kumukoka kapena kumunyamula pamodzi ndi zida zake zonse. Tikawatenga onse pamodzi, amuna amakhala ndi mphamvu zambiri m'manja ndi m'mapewa kuposa akazi, ndipo akazi amavulala kawirikawiri m'chiuno ndi m'miyendo, makamaka kung'aluka kwa mafupa kobwera chifukwa choyenda mtunda wautali ndi katundu wolemera. Mu 2015 gulu la Marine Corps linachita kafukufuku wa miyezi ingapo ndipo linapeza kuti magulu a amuna okhaokha anachita bwino kuposa magulu osakanikirana pa ntchito 69 mwa 100 zilizonse zimene anayesedwa. Amene amabisa zotsatirazi sakuthandiza akazi.

Komabe gulu lankhondo sililemba ntchito akazi onse kapena amuna onse, limalemba munthu mmodzimmodzi. Amuna ambiri nawonso amalephera maphunziro amenewa, ndipo palibe amanena kuti chifukwa cha iwo amuna onse aletsedwe. Mu August 2015, Kristen Griest ndi Shaye Haver anatsiriza maphunziro a Ranger School, amene ndi amodzi mwa owawa kwambiri ku America, kumene munthu amakhala milungu yambiri akugona pang'ono, kudya pang'ono ndi kuyenda ndi katundu m'mapiri ndi m'madambo. Maganizo anga ndi akuti muyeso wa ntchito yomenya nkhondo ukhale umodzi kwa onse, wochokera pa zimene ntchitoyo imafunadi, ndipo usatsitsidwe pofuna kuchulukitsa chiwerengero cha akazi. Muyeso ukatsitsidwa, woyamba kupwetekeka ndi mkazi amene anakhoza mwa mphamvu zake, chifukwa anzake sadzamukhulupirira. Akazi amene adzakhoze adzakhala ochepa, koma wakhozayo asatsekeredwe khomo. Mkanganowu sunathe ngakhale ku America komweko, popeza Pete Hegseth, asanakhale nduna ya zachitetezo mu January 2025, ananena poyera kuti akazi sayenera kukhala m'magulu omenya nkhondo, ndipo atalowa mu udindowo analamula kuti muyeso wa mphamvu pa ntchito zimenezi ukhale wofanana kwa amuna ndi akazi.

Palinso ntchito zina zimene akazi anazichita chifukwa amuna sakanatha. Ku Iraq ndi ku Afghanistan msilikali wamwamuna sankaloledwa ndi chikhalidwe cha kumeneko kufufuza mayi m'thupi kapena kulowa m'chipinda cha amayi, motero asilikali aakazi ankatsagana ndi magulu omenya nkhondo kuti achite zimenezi. Bungwe la United Nations nalonso, kuyambira pa chigamulo chake cha nambala 1325 cha m'chaka cha 2000, lakhala likulimbikitsa mayiko kutumiza akazi ambiri ku ntchito zosungitsa mtendere, chifukwa mayi amene wagwiriridwa pankhondo amamasuka kufotokozera mkazi mnzake.

Pa za kugwidwa ndi adani, ngoziyo ilipodi, ndipo sindingakulonjezeni kuti mwana wanu sangakumane nayo, ngakhale kuti amuna ogwidwa nawonso amazunzidwa mwa njira zomwezo, kungoti sizikambidwa. Koma Mayi, pali ngozi ina imene ili pafupi kwambiri kuposa mdani, ndipo ndi imene ndikufuna kuti muiganizire mofatsa. Unduna wa zachitetezo wa ku America unayerekeza kuti m'chaka cha 2021 chokha, akazi oposa 8 mwa 100 alionse a m'gulu lankhondo anagwiridwa kapena kuchitidwa zachipongwe zokhudza kugonana iwo asakufuna, ndipo nthawi zambiri wochita zimenezi amakhala msilikali mnzawo. Mu April 2020, Vanessa Guillén, mtsikana wa zaka 20, anaphedwa ndi msilikali mnzake pa malo a asilikali a Fort Hood, atauzapo kale abale ake kuti ankavutitsidwa kuntchito koma ankaopa kukanena. Imfa yake inachititsa kuti malamulo asinthe, kotero kuti tsopano wogamula zotengera milandu yotere kukhoti salinso mkulu wa gulu la wodandaulayo, koma oimira milandu oima paokha. Ena amati nkhanza zimenezi ndi umboni wakuti akazi asalowe usilikali, koma ine ndimakana, chifukwa kutero n'kulanga wolakwiridwa ndi kusiya wolakwa ali m'yunifolomu.

Choncho musayambe n'kumuletsa kapena kumuvomereza. Khalani naye pansi pamodzi ndi bambo ake, ndipo mumufunse chimene chikumukoka, kuti mumve ngati ndi yunifolomu ndi ulemu chabe kapena wamvetsa kuti ntchitoyi ndi yopha ndi yophedwa. Afufuze ngati gulu limene akufuna kulowalo limalola akazi m'nthambi imene akuifunayo, chifukwa malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo afunsenso kuti msilikali wamkazi akavutitsidwa ndi wamkulu wake amakadandaula kwa yani. Ngati n'kotheka acheze ndi mayi amene anagwirapo ntchitoyi, amufunse za nsapato, za chovala cha pachifuwa chimene kawirikawiri chimasokedwa poyeza thupi la mwamuna, ndiponso za m'mene amachitira akakhala kumwezi ali kutchire. Pomaliza ayambe kudziyesa yekha asanalembe kalata yofunsira ntchito. Adzuke m'mamawa, asenze chikwama cholemera pang'ono, ayende makilomita angapo, ndipo aziwonjezera kulemera ndi mtunda pang'onopang'ono kwa miyezi itatu kuti mafupa azolowere. Ikadzatha miyezi imeneyo mudzatilemberenso kutiuza zimene iye mwini wanena.